Jekete la Batani la Nsungwi

Thuwaiba atakhota pangodya ya mpanda, thumba la mpunga lili pamutu, anaona asilikali asanu ndi awiri atandandalika pabwalo la kwawo, opanda mitu, akudontha madzi. Anaima pamwala uja anthu a ku Kanyama amapondapo podumpha chithaphwi. Kenaka anazindikira. Anali majekete akaki a malemu bambo ake, aja sankatuluka m'chipinda chakumbuyo ngakhale pa tsiku la Idi, lero atayanikidwa pawaya pamodzi ndi zitenje.

"Nindani wawasha ivi?" anafunsa, thumba likugwera pakhonde.

Azakhali ake, a Jasmin, anaweramuka pabeseni akupukuta manja. Anali mlongo wa malemu, ndipo anali atafika dzulo lake kuchokera ku Mangochi, mochedwa kuti aone nkhope, poti Asilamu sagonetsa maliro. Posowa mtembo woulirira, chisoni chawo chonse anachithira pa ntchito.

"Ndine, mwana wanga," anayankha monyadira. "Zovala za malemu sizigawidwa zakuda. Ndatulutsa zonse, za m'sutikesi ndi zakumbuyo komwe. Koma fumbi lake! Mumakhala bwanji kuno?"

Thuwaiba anasuzumira m'beseni. Madzi anali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo pamwamba pake pankayandama tizidutswa ta katoni tonyenyeka. Anatolapo kamodzi. Ulusi umene bambo ake anamangira kakatoniko ku batani unalipobe, koma inki inali itasungunuka. Pa jekete lililonse pankalendewera kakatoni kotero, kolembedwa dzina la msilikali amene analivala, mudzi wake ndi kumene anakamenya nkhondo. Mayina onsewo tsopano anali phala m'beseni. Thuwaiba anafuna kukuwa, koma anaona manja a azakhali ake atatuwa ndi sopo, nameza mawu. Madzi akatayika saoleka, ndipo munthu sungamukalipire chifukwa cholira mlongo wake m'njira imene akuidziwa.

Linali tsiku lachitatu chiikireni a Ridwan Ajusa, tsiku la sadaka. A Ridwan anali telala, wosoka mayunifomu a sukulu ndi mikanjo, koma mu Kanyama monse ankadziwika ndi chipinda chawo chakumbuyo. Kwa zaka makumi anayi ankatolera zinthu za asilikali akale, a nthawi ya atsamunda: majekete, zipewa zofiira za mphonje yakuda, malamba, nsalu zokulunga m'miyendo, mabotolo achitsulo a madzi, mbale zodyera kunkhondo, ndi mfuti imodzi yaitali imene kukamwa kwake kunatsekedwa ndi chitsulo kalekale. Akamva kuti ku Matero kapena ku Chawama kwamwalira gogo wina amene anapitako ku nkhondo, ankafika kudzapepesa, ndipo patatha sabata ankabwereranso kudzafunsa za katundu. Akazi awo, a Riziki, ankati mwamuna wawo anakwatira mitala, mkazi wachiwiri ndi dzimbiri. Koma chifukwa chake ankachidziwa. Bambo amene anabereka a Ridwan anabwerako ku nkhondo ya ku Burma ndi katundu wathunthu, nagulitsa zonse pa njala ya 1949, mpaka lamba. Mwana wosapeza cha bambo ake anakula n'kumasunga za abambo a anzake.

M'majekete asanu ndi awiriwo, limodzi silinali lawo. Linali la msilikali amene anabereka a Mukupa, Mbemba wa ku Kopala amene anapuma ntchito kumigodi mwala utamuphwanya phewa, nadzakhala nyumba yachinayi kuchokera kwa a Ridwan. Mmodzi ankapita kumzikiti, wina kutchalitchi, koma masana onse ankakhala pa benchi imodzi, kukangana za mpira. A Mukupa anasungitsa jeketelo kwa mnzawo poopa kuti ana awo angaligulitse. Kwa Msilamu chinthu chosungitsa chotero ndi amana, ndipo munthu sagona bwino m'manda asanachibweze. N'chifukwa chake kuchipatala, mpweya utayamba kuchepa, a Ridwan anagwira dzanja la Thuwaiba, mwana wawo yekhayo amene anaphunzira makina osokera.

"Ija ya batani ya nsungwi," ananong'ona. "Upase ba Mukupa pamanja. Osaika mu pulasitiki. Baivale."

Mawu amenewo ndiwo anamuthamangitsa Thuwaiba pawaya. Makatoni apita, koma batani lija likanamuuza. Msilikali uja, bambo awo a Mukupa, anataya batani limodzi m'nkhalango za ku Burma, nasema lina la nsungwi. Nkhani imeneyi Thuwaiba anaimva kambirimbiri mpaka kutopa nayo. Anayenda jekete ndi jekete, akukhudza mabatani amkuwa ozizira. Pa lachisanu analipeza, lakuda ndi ukalamba, ndipo anapuma mozama.

Mpumulowo sunakhalitse. Jekete limeneli linali litatuluka m'madzi lowala kuposa anzake, ngati kuti mtundu wake watsalira m'beseni. Analitembenuza, nayendetsa chala pamsoko wa m'mbali. Makina a bambo ake, amene iye ankawapalasa tsiku ndi tsiku, anali ndi nthenda yawoyawo: akasoka utali wa chikhatho, ankalumpha kamodzi. Palibe makaniko wa ku msika wa Soweto amene anaithetsa. Chala cha Thuwaiba chinayenda chikhatho chimodzi, n'kupeza polumpha. Chinayendanso, n'kupezanso. Kumapeto kwa msoko kunali kamfundo kopotokera kumanzere, kamene telala wamanzere yekha, monga bambo ake, amamanga.

Kolala inali yakale, mabatani anali akale. Zina zonse zinali za a Ridwan Ajusa.

Analichotsa pawaya lili chinyowere, nalowa nalo m'nyumba. Mayi ake anali pamkeka m'chipinda chogona, atafunda mpango woyera, poti mkazi wamasiye amakhala m'nyumba miyezi ya eda. Ataona chimene chinali m'manja mwa mwana wawo, anayang'ana kukhoma.

"Amai, iyi si jekete ya batate bao ba Mukupa."

"Tseka chitseko."

Thuwaiba anatseka, nakhala pansi.

"Ukumbukira manzi yaja yanafika pa mawindo, uli giredi leveni?" anayamba a Riziki motsitsa mawu. "Vinangu vonse vinali pamwamba, vomangilira ku mitengo ya denga. Koma ya mnzao banakamba ati ni amana, siingankhale poyera. Banaikiyila mu tiranki pansi pa bedi. Manzi yanankhala masabata yatatu. Pamene banatsegula, banatapa na manja monga matope. Vinasala ni kolala na mabatani chabe."

Thuwaiba anakumbukira chaka chimenecho, ndipo zinthu zimene ankaziona ngati misala ya bambo ake zinayamba kugwirizana. Ankazungulira m'misika ya salaula, ya zovala za kaunjika, kufunafuna kaki wakale wolimba. Anakana ntchito ya mayunifomu mwezi wathunthu, banja likudya kamodzi patsiku. Ankaviika nsalu m'ndowa ya tiyi wakuda, n'kumati akuyesa utoto watsopano.

"Nanga sibanabauze?"

"Katatu banavala kofia ati niyenda kukamba. Katatu banabwela bakamba va bola." A Riziki anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Iyi nkhani inabadya batate bako kupambana shuga."

"Manje nichite bwanji, amai?"

"Banauza iwe, sibanauze ine. Ine nili pa eda, sinituluka."

Magetsi kunalibe monga mwa nthawi zonse, choncho Thuwaiba anapala makala pambaula ya ophika, nawathira m'simbi. Anakayala jeketelo pathebulo la m'chipinda chakumbuyo, pansi pa mfuti ija, nayamba kuliumitsa. Nthunzi inkakwera, ndipo panja amuna anali atayamba kusonkhana mutenti, mawu a shehe akumveka patalipatali. Pofika paphewa lakumanja simbi inakana kuyenda bwino. Anayalanso, nayerekeza mapewa awiriwo. Lakumanja linali lotsika ndi zala ziwiri, ndipo kumsana kwake nsalu inali yochulukirapo. Apa m'pamene misozi inabwera, ya manyazi osati ya maliro. Bambo ake ankanyadira diso lawo. Ankati tepi ndi ya alendo, munthu amene umamudziwa umangomuyang'ana. Ndiye telala wotereyu anangonamiza mnzake wosaona, n'kusokanso chinthu chokhota? Thuwaiba anawakwiyira, ndipo anadzida chifukwa chokwiyira munthu amene dothi lake linali lisanaume.

Mchimwene wake Mahdi anamupeza akulira choncho. Mahdi ankayendetsa minibasi ya m'tauni, ndipo chipinda ichi sankachikonda chiyambire. Chimwalirire bambo ake ankangoti mfuti ichoke apolisi asanaimve, ndipo anali atapangana kale ndi munthu wina wogula zinthu zakale kuti adzaone katundu yense.

"Ni chani futi?" anafunsa. "Ma tagi ya maina? Ba anti sibanadziwe, basiye."

Thuwaiba anamuonetsa msoko, namufotokozera zonse. Mahdi anamvetsera akutafuna mlomo, kenaka anasuzumira kunja ngati pali wina akumva.

"Iwe, mvela. Mudala uja saona. Umupase, azayamika, azayenda. Yasila."

"Ni boza, ba Mahdi."

"Boza ya ndani? Yako? Unasoka ndiwe?" Anatsitsa mawu koma anawanola. "Unamvela vamene shehe banakamba kumanda? Ati ba Ridwan sibanadyepo amana ya muntu. Bantu bonse banayanka ati zoona. Manje iwe ufuna kubafukula pa siku ya sadaka yao? Mailo Kanyama yonse izakamba ati telala uja anali kabwalala, anabela mnzake."

"Nanga ngati bafunsiwa kumene bali?"

"Ivo ni va beve na Mulungu. Ise tisunge dzina."

Anatuluka, nasiya chitseko chikugwedera. Thuwaiba anadziwa kuti mchimwene wakeyo sankanena zopusa. Dzina la bambo awo ndilo chuma chokha chimene anasiya, ndipo linali m'manja mwake tsopano, lofunda ndi simbi. Akakhala chete, dzinalo likhala loyera, koma iye ndiye adzanyamule bodzalo nthawi zonse akamadutsa pa benchi ija. Akalankhula, nkhalamba yosaona itaya bambo ake kachiwiri, itayanso mnzake. Anapitiriza kusita mpaka nsalu inauma gwa, koma mtima sunapeze poima.

Mapemphero atatha, mpunga utadyedwa, azakhali Jasmin anagawa malaya ndi mikanjo ya malemu kwa osowa. Majekete ena asanu ndi limodzi Thuwaiba anali atawabweza m'chipinda mwakachetechete. Anthu atayamba kuchepa, panamveka ndodo ikugogoda pamiyala ya pabwalo. A Mukupa ankayenda okha. Maso awo anachita ng'ala kalekale, koma njira ya kwa mnzawo mapazi ankaidziwa. Masiku onse atatu ankabwera, n'kukhala kumbuyo kwa tenti chipewa chili pabondo, osamva Chiarabu koma osaphonya ameni.

"Odi, mayo," anatero pakhomo. "Bamai bako batuma mau ati pali katundu wanga."

Thuwaiba anawalowetsa m'chipinda chakumbuyo, nawakhazika pampando wa makina. Mahdi anabwera n'kutsamira pachitseko, manja atapinda, maso ali pa mlongo wake. Nkhalambayo inakweza mphuno.

"Muno mwanunkha sopo."

"Ba anti banawasha majekete, ba shikulu. Mapepa ya maina yonse yaonongeka," anatero Thuwaiba, akuwatchula agogo m'chinenero chawo.

A Mukupa anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Maina yanai nikumbukira, nizakuuza mailo ulembe. Yabili yaja ya ku Matero, awe. Yayenda na mwine wake." Anatambasula manja. "Leta."

Thuwaiba anawaika jeketelo pamanja, monga anauzidwira. Zala zokalamba zinayenda pakolala, zinatsika pamabatani, zinaima pa la nsungwi. Mahdi anatsokomola. Kunali kosavuta kungokhala chete. Ntchito inali itatha. Koma Thuwaiba anaona mmene nkhalambayo inkasisitira batani lija, ndipo anagwada.

"Ba shikulu, nili na mau." Anagwira nsonga ya jeketelo. "Iyi si jekete ya batate banu. Yao inaola na manzi yaja yakulu. Iyi banasoka ni batata. Vanu ni kolala na mabatani chabe. Banaopa kukuuzani. Nipempha mubakhululukire."

"Thuwaiba!" anatero Mahdi.

Panja azimayi ankatsuka miphika, ndipo wina ankaseka. A Mukupa ananyamula jeketelo, naliika pamphuno, nakoka mpweya nthawi yaitali.

"Tiyi yachoka," anatero.

Thuwaiba anawayang'ana kukamwa.

"Mwana wandi, yanafa ni maso, mphuno ikali moyo. Jekete ya batata inali kununkha fodya na mafuta ya mfuti. Chaka chilichonse mu Novemba, pa siku yokumbukila ba sodya, batate bako banali kunipasa kuti niigwileko. Chaka chija cha manzi banipasa, namvela tiyi. Ninakamba mumutima ati iyee, Kanyama yadya batata."

"Munadziwa zaka zonse izi?" anafunsa Mahdi, manja atawamasula.

"Khumi na zisanu."

"Nanga simunakambe?"

"Ninali kuyembekeza eve." Mawu a nkhalambayo analimba, ndipo Thuwaiba anazindikira kuti pansi pake panali mkwiyo wakale. "Nsalu ni nsalu, imaola. Na bantu baola. Chamene chinanibaba ni chakuti mnzanga ananiyopa. Tinadya mbale imodzi, anaika mukazi wanga na ine, koma anaona monga ningamutaye pa mulandu wa nsanza. Katatu anabwela na kofia yake ya pa Chisanu, mau yali pakamwa. Nenze kumvela mwamene apumila. Ine naine ninankhala chabe zii, ati akambe eka, aphunzile." Anapukusa mutu. "Manje onani. Aphunzila ndani? Tinali tumadala tubili topusa."

Misozi inatsika m'maso oyera aja, ndipo sanaipukute. Foni ya Mahdi inalira m'thumba. Anaiyang'ana, anaona kuti ndi wogula uja, naizimitsa.

A Mukupa anapinda jeketelo pabondo, nafufuza ndodo yawo. "Nabakhululukila kudala. Koma sibanamvele, ndiye vuto. Nipaseko pulasitiki, kunja kuli matope."

"Banakana pulasitiki, ba shikulu," anatero Thuwaiba. "Banakamba ati muivale."

Nkhalambayo inaseka kaseko kowawa. "Kuvala? Batata banali chimuntu, mutu kugunda pa chitseko. Ninaiyesako kamodzi nikali mulumendo wachichepere, mikono inameza manja yonse. Manje na phewa yanga iyi, nizaoneka monga choyofyela mbalame mu munda."

"Ndiye mau yao yosilizila. Napapata, valani."

A Mukupa anaimirira mousa moyo, ngati munthu amene akuchitira mwana zofuna zake. Anavula juzi lawo. Dzanja lamanzere linalowa mosavuta, koma lamanja, la phewa lophwanyika lija, silinkakwera. Mahdi anachoka pachitseko, naligwira pachigongono mosamala, nalilowetsa. Thuwaiba anakokera kolala m'malo mwake, nabwerera m'mbuyo.

Mikono inathera ndendende pamfundo za manja. Phewa lokhota lija, limene linamuliza Thuwaiba ndi manyazi, linagona pa phewa lotsika la a Mukupa popanda khwinya ngakhale limodzi, ndipo nsalu yochuluka ya kumsana inakuta bwinobwino fupa limene mwala wa kumgodi unalisiya litatuluka. Jeketelo silinasokedwere chimunthu cha ku Burma. Linasokedwera munthu uyu.

Nkhalambayo inaima osagwedezeka. Inatambasula manja kutsogolo, n'kuwabweza. Inakweza dzanja lamanzere, n'kuliyendetsa paphewa lamanja, kuchokera pakolala mpaka pamsoko, kawiri. Chiphwanyikireni phewalo, panalibe chovala chimene chinawakhalapo chonchi.

"Ananipima liti?" anafunsa, mawu atasanduka aang'ono.

Tepi ya a Ridwan inali pamsomali wake pamwamba pa makina, yopindidwa bwino, pamene inkadikirira alendo. Thuwaiba anayandikira, nayamba kumanga mabatani kuchokera pansi, limodzilimodzi. Atafika pa la nsungwi, a Mukupa anagwira dzanja lake, nalichotsa pang'onopang'ono, ndipo analimanga okha.